Mawu amene satchula woombera

Zinthu zikavuta mumsewu, pali mawu a Chingerezi amene maboma ndi nyumba zoulutsa nkhani amathamangira: "unrest". Mukawagawa pawiri, "rest" ndi bata kapena mpumulo, ndipo "un" amakana. Ndiye kuti akungonena kuti bata lasowa. Sanena amene walisowetsa, amene waponya mwala, kapena amene wakoka mfuti. Amamveka ngati mwera umene wangowuka wokha panyanja, wopanda woutuma. Ali ndi anzake awiri. "Disruption" ndi opepuka, amanenedwa magetsi akazima, ndege zikachedwa kapena maphunziro akaimitsidwa. Koma "disturbance" ndi amene ali ndi mbiri yowawa kuno kwathu.

Pa 3 Malichi 1959, Bwanamkubwa Robert Armitage analamula kuti Nyasaland ilowe m'malamulo a nthawi yangozi. Dr Kamuzu Banda anamangidwa m'mawa womwewo n'kutumizidwa kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, ndipo anthu oposa 1,000 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Ku Nkhata Bay omangidwa anawakweza m'sitima ya Mpasa. Abale awo anakhamukira kudoko kufuna kuti awatulutse, asilikali n'kuwaombera. Bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi woweruza Patrick Devlin linawerenga anthu 20 ophedwa pamalo amenewo, ndi 51 m'dziko lonse. Onsewo anali akuda, mzungu sanafe ndi mmodzi yemwe. Koma m'mapepala a boma la atsamunda zonsezi zinkatchedwa "disturbances", ngati kuti anthu anangosokosera pamsika. Ife tsikuli timalitcha lokumbukira ofera dziko, ndipo dzina limeneli ndiye loona, chifukwa limavomereza kuti panagwa maliro.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti mawuwa akafika m'Chichewa amaipiraipira. Womasulira nkhani pawailesi, nthawi itamuthera, akaona "unrest" amangoti "zipolowe". Komatu zipolowe si mawu apakati. Womvera kumudzi akamva zipolowe amaona anyamata akuotcha matayala ndi kuthyola masitolo, basi mlandu wagwera kale anthu wamba. Chingerezi chinangobisa wolakwa, Chichewa chathu n'kuloza chala mbali imodzi. Chikhalirecho tili ndi mawu okwanira, aliwonse ndi ntchito yake: zionetsero, sitalaka, mpungwepungwe, ziwawa, kuba, kupha.

Taganizani za 20 Julaye 2011. Anthu anatuluka m'mizinda kukadandaula za kusowa kwa mafuta agalimoto ndi ndalama zakunja komanso za ulamuliro wa Bingu wa Mutharika. Anthu pafupifupi 20 anafa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu, ndipo ena anaikidwa kumanda a Zolozolo. Inde masitolo anathyoledwa, zimenezo sitingabise. Koma mayi amene mwana wake anaomberedwa ndi apolisi akamamva kuti "anafa pa zipolowe", amamva ngati akuuzidwa kuti mwanayo anadziputira yekha. Mayi ameneyo ayenera kumva chiganizo chokhala ndi mwini wake: apolisi anaombera, mwana anagwa.

Ndisaoneke ngati ndikunena maboma okha, pakuti mawuwa amaphimbanso anthu wamba akalakwa. Mu Julaye 2021, mtsogoleri wakale wa South Africa, Jacob Zuma, atamangidwa chifukwa chonyozera khothi, zigawo za KwaZulu-Natal ndi Gauteng m'dzikolo zinayaka moto, ndipo mpaka lero anthu akumeneko amati "July unrest". Anafa anthu oposa 350. Koma m'dzina limodzi limeneli munalowa zinthu zosiyana kotheratu. Munali otsatira a Zuma amene anatseka misewu ndi kuotcha malole pamsewu waukulu wa N3. Munali khamu limene linakhuthula masitolo, ena n'kuponderezana mpaka kufa pothamangira katundu. Munalinso za ku Phoenix, kumpoto kwa Durban, kumene magulu odzitcha oteteza dera anatchinga misewu n'kumamenya ndi kupha odutsa, ambiri mwa iwo akuda. Kumeneko kokha kunafa anthu oposa 30. Wotseka msewu, wonyamula filiji ndi wopha munthu sapalamula mlandu umodzi, ndipo woweruza sangawapatse chilango chofanana. N'chifukwa chake ndimapempha anzanga m'zipinda zolembera nkhani kuti akaona "unrest" m'chikalata cha apolisi, aimbe foni kaye n'kufunsa kuti wachita chiyani ndani, ndipo wavulala ndani.