Lekani kupha makontena, aimitseni mwaulemu

Anyamata ndi atsikana ambiri a ku Kanyama, Matero ndi George amene anaphunzira makompyuta paokha ndiwo tsopano asunga maseva m'mafakitale ndi m'nyumba zosungiramo katundu ku Heavy Industrial Area. Izi n'zonyaditsa. Koma pali cizolowezi cimodzi cimene cafala pakati pathu ndipo ciyenera kutha: kulemba docker kill kapena docker rm -f nthawi iliyonse kontena ikacedwa kuima, kenako n'kumadzitama kuti ndife acangu pa nchito.

Wogwira pa cigayo sazimitsa makina cimanga cili m'kati. Amayamba waleka kuthira, n'kudikira kuti ufa wonse utuluke. Lamulo la docker stop limacita cimodzimodzi. Limatumiza cizindikilo ca SIGTERM ku pulogalamu yaikulu ya m'kontena, kuiuza kuti imalize zimene yagwira, ilembe zonse pa disiki, itseke. Docker imadikira masekondi 10, ndipo pulogalamuyo ikapanda kuima m'pamene imatumiza SIGKILL. Koma docker kill imatumiza SIGKILL pomwepo. Cizindikilo cimeneci palibe pulogalamu imene ingacikane kapena kucicedwetsa. Imafa ili pakati pa nchito.

Ndidziwa zimene ena anene. Ati: "Ise tinapulumuka 2024. Cilala cinatsitsa madzi ku Kariba, malaiti anali kupita maola 17 pa tsiku, nthawi zina kuposa, maseva anali kuzima okha koma m'mawa anali kuuka." N'zoona kuti PostgreSQL imadzikonza ikauka, cifukwa imayamba yalemba zosintha zonse m'buku lake la WAL. Koma si mapulogalamu onse ali conco. Redis imene imangosunga zithunzi za deta mwa apo ndi apo ikalandira SIGTERM imasunga kaye zonse, pamene SIGKILL imataya ciliconse cimene cinalowa pambuyo pa cithunzi comaliza. Nanga kapulogalamu kamene mnzanu analemba usiku umodzi kowerengera matumba a simenti? Kakafa katacotsa katundu m'sitoko koma kasanalembe invoisi, palibe WAL imene idzakuthandizeni. Amene adzafunsidwa za matumba osowawo ndi kalaliki wa pa geti, munthu amene sanagwirepo kiyibodi ya seva. Ndipo ngati malaiti amatiphera kale makontena osatifunsa, n'cifukwa ciani ife tiwonjezerepo ndi manja athu? UPS ikayamba kulira imakupatsani mphindi zingapo. Mphindi zimenezo n'za docker stop.

Ena ati: "docker stop imacedwa, imangokhala duu masekondi 10." Apa m'pofunika kuyang'ana bwino. Lembani docker ps -a muone nambala imene kontena yatuluka nayo. Ikakhala 0 kapena 143, pulogalamu inamva SIGTERM. Ikakhala 137, ndiye 128 kuwonjezera 9, nambala ya SIGKILL: inaphedwa ndithu. Kawirikawiri vuto limakhala mu Dockerfile. Mukalemba CMD popanda mabulaketi, pulogalamu imayambitsidwa kudzera mwa sh, ndipo cizindikilo cikhoza kuthera pa sh osafika kwa mwiniwake. Lembani CMD ya mabulaketi, kapena yambitsani kontena ndi --init. Ngati pulogalamu imafunadi nthawi yaitali, ipatseni: docker stop -t 60, kapena stop_grace_period mu fayilo ya Compose. Kucedwako kumakuuzani kuti pali cokonza. Wolemba docker kill wangobisa matenda.

Palinso lamulo lina limene anthu amakopera pa intaneti osaliwerenga: docker stop $(docker ps -q). Limaimitsa kontena iliyonse imene ikuyenda pa makinawo. Pa laputopu yanu kunyumba palibe mlandu. Koma kampani yaing'ono nthawi zambiri ili ndi seva imodzi, ndipo pomwepo pali za malipiro, za sitoko ndi za makasitomala. Munafuna kuimitsa imodzi, mwatseka ofesi yonse malole ali pa mzere panja. Yambani ndi docker ps, werengani maina, imitsani imene mufuna poitchula dzina. Yambani ndi pulogalamu imene imalandira anthu, database ibwere pomaliza. Ndipo samalani ndi docker compose down -v, cifukwa -v ameneyo amafafaniza mavoliyumu, mmene deta yonse imakhala. Kuimitsa ndi kufafaniza n'zinthu ziwiri zosiyana.

Kodi docker kill ilibe nchito? Ili nayo. Kontena ikauma osamva ciliconse, kapena mukaona kuti wina wathyola n'kulowa ndipo akutulutsa deta, iphani msanga. Koma cimeneco n'cida ca tsiku la ngozi, monga cozimitsira moto copacikidwa pa khoma la fakitale. Munthu sacigwira tsiku lililonse.

Abwana ambiri sadziwa kusiyana kwa SIGTERM ndi SIGKILL, ndipo sadzafunsa. Anakupatsani pasiwedi ya seva cifukwa anakukhulupirirani ndi mabuku a kampani ndi malipiro a anzanu a pa makina. Masekondi 10 amenewo muziwadikira.