Paipi ya Mafuta Siyalidwa ndi Pakamwa

Alipo anthu ena amene mafuta akangosoŵa amasanduka akatswiri tsiku lomwelo. Ataima pa mzere wa galimoto pa Lunzu kapena pa Lirangwe, amalamula kuti paipi iyalidwe maŵa lomwe kuchokera ku Beira kudzafika ku nkhokwe za NOCMA pa Matindi. Koma wina akati ntchito yotere iyenera kuyesedwa kaye pa kompyuta, ndiponso kuti ana a dziko lino aphunzitsidwe kuyesako, anthu omwewo amaseka chikhakhali, namati kumeneko nkudyetsa ndalama anyamata a m'maofesi. Maganizo ameneŵa ndi aulesi, ndipo ayenera kutsutsidwa poyera.

Kufuna paipi sikulakwa. Dziko la Zambia lili ndi paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inatsegulidwa mu 1968. Zimbabwe imalandira mafuta kudzera mu paipi ya ku Beira yofika ku Feruka, pafupi ndi Mutare. Malaŵi ikudalirabe matankala a pamseu ndi sitima, ndipo amene anagona pa mizere mu 2011 ndi 2012 sanaiŵale. Cholakwa ndicho kuyesa paipi ngati nsungwi yoboola imene munthu amangothiramo kuno nkukatunga uko.

Onyozawo akadangofika pa Chileka akadatsekuka maso. Madzi a Blantyre Water Board amatungidwa mu Shire pa Walker's Ferry, nakankhidwa ndi makina kufika pa Chileka, pomwe amakankhidwanso kukwera mu mzinda, chitunda cha mamita pafupifupi 800. Amisiri a kumeneko amadziŵa kuti mchenga wa mu mtsinje umadya makina, kuti mpweya umabisala pamene paipi yakwera nutsekereza madzi, ndi kuti magetsi akathima mwadzidzidzi madzi amabwerera ndi mphamvu yoti nkung'amba chitsulo. Awotu ndi madzi chabe!

Mafuta ndiwo amavuta koposa. Mu paipi yochokera pa chitsime mumayenda mafuta, gasi, madzi ndi mchenga nthaŵi imodzi, chilichonse pa liŵiro lake. Gasi amathamanga pamwamba. Zamadzimadzi zimadikha m'zigwa, kenaka zimatuluka zonse pamodzi ngati mtsinje wosefukira, nkumiza makina olandirira. Mafuta akazizira amasiya phula m'mbali mwa paipi, njira nkumachepa pang'onopang'ono. Akuluakulu ponena kuti safunsa anadya phula sankadziŵa za mapaipi, koma mwambiwo wagwera pake.

Wina anena kuti Malaŵi alibe chitsime cha mafuta, choncho paipi yake idzanyamula oyenga kale. Nzoona. Koma petulo ndi dizilo zimatumizidwa motsatana mu paipi imodzi, ndipo pamene zakumana zimasakanikirana. Wosadziŵa kuŵerengera utali wa msakanizowo adzagulitsa mafuta opha injini. Pamene paipi yadutsa pa msonga ya phiri, mphamvu yokankha ikachepa, petulo amasanduka nthunzi m'kati momwemo. Njira yochokera ku gombe la nyanja kukwera kufika ku Blantyre siisoŵa zitunda.

Mapulogalamu a kompyuta anapangidwira mavuto ameneŵa. Yodziŵika kwambiri ndi OLGA, imene inakonzedwa ku Norway m'zaka za m'ma 1980, ndipo kampani ya Schlumberger inaigula mu 2012. Mmisiri amaipatsa mapu a zitunda ndi zigwa, kukula kwa paipi, kutentha kwa nthaka ndi mtundu wa mafuta. Iyo imaonetsa pamene padzafunike makina okankha, pamene padzatsekeke, ndi chimene chidzachitike magetsi akathima pakati pa usiku, zonsezi khasu lisanakhudze dothi.

Apa mpamene pagona nkhani. Amene wagwira masamuwo ndiye wagwira mtengo wa ntchito. Kontrakitala wakunja akaŵerenga yekha, asankha yekha kukula kwa paipi ndi chiŵerengero cha makina, ndipo dziko lidzasaina ngongole imene mzika yake ngakhale imodzi singathe kuitsutsa. Adzalipira ngongoleyo ndi mlimi wa ku Lirangwe, pa mtengo wa minibasi ndi wa chigayo. Kodi onyoza aja adzakhala kuti tsiku limenelo? Adzakhalanso pa mzere, akutukwana.

Chilolezo cha pulogalamu yotere nchodula, palibe akukana, koma sichingafanane ndi ngongole ya paipi ya makilomita mazanamazana. Sukulu ya MUBAS ku Blantyre ndi ya MUST ku Thyolo zimaphunzitsa kale uinjiniya. Ophunzira ake apatsidwe paipi ya Walker's Ferry ndi Chileka kuti ayambirepo, aiyese pa kompyuta, nayerekeze zotsatira zawo ndi miyeso ya amisiri a Water Board. Amene masamu awo agwirizane ndi miyesoyo ndiwo adzakhale pa gome tsiku lokambirana za paipi ya ku Matindi.