Njinga yamoto yakale isamatayidwe msanga

Ku Mandimba, moyandikana ndi chipata cha Chiponde, njinga zamoto za ku China monga Lifan ndizo zimanyamula anthu, matumba a chimanga ngakhale mbuzi. Njinga ikangofooka, mwini wake amaikankhira kuseri kwa nyumba. Kumeneku n'kutaya chuma.

Injini za njingazi n'zosavuta, za silinda imodzi. Utsi wochuluka kawirikawiri umasonyeza kuti maring'i a pisitoni atha, ndipo sipeya wake amapezeka m'misika ya Cuamba ndi Mangochi. Mnyamata wodekha angathe kuidzutsa pang'onopang'ono madzulo akaweruka kumunda.

Chodandaulitsa n'chakuti ambiri pokonza njinga amathamangira penti. Msewu wa N13 wodutsa ku Ngauma kupita ku Lichinga tsopano ndi wa phula, ndipo liwiro lakula. Choncho anyamata a kabaza ayambe akonza mabuleki ndi matayala.