CHAKA CHABWINO CHA GALIMOTO YA PAGODA

Pakati pa anthu okonda magalimoto akale ku Ulaya ndi ku America pali mkangano umene sukalamba. Mkanganowo ndi wokhudza galimoto ya Mercedes-Benz SL imene inapangidwa ku Germany kuyambira mu 1963 kufikira mu 1971. Ena amati yabwino koposa ndi ya zaka zoyamba, ena amati ndi ya zaka zomaliza. Nkhaniyi si yocheza chabe, pakuti galimoto yotere ikakhala yosamalidwa bwino mtengo wake lero umaposa wa magalimoto ambiri atsopano, ndipo munthu wosankha molakwa amataya chuma chimene anachisonkhanitsa kwa zaka zambiri. Koma wopenda umboni modekha adzapeza kuti chaka choyenera ulemu ndi chapakati, cha 1967, chimene ambiri amachidumpha.

Galimotoyi inaonetsedwa koyamba pa chionetsero cha ku Geneva mu Malichi 1963. Ili ndi mipando iwiri ndi madenga awiri: lansalu lopindira kumbuyo kwa mipando pa nyengo ya dzuwa, ndi lachitsulo loikapo ndi kuchotsa pa nyengo ya chisanu. Denga lachitsulolo ndi lolowa pang'ono pakati ndi lotukuka m'mbali, monga madenga a akachisi a kum'mawa kwa Asia, ndipo n'chifukwa chake anthu anaipatsa dzina loti Pagoda. Maonekedwe ake anajambulidwa ndi Paul Bracq wa ku France, pamene nzeru zoteteza okweramo zinachokera kwa Béla Barényi, amene anaphunzitsa dziko kuti kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto kuyenera kupindika pa ngozi kuti pakati, pokhala anthu, pakhalebe polimba. Onse pamodzi anapangidwa magalimoto 48,912, ndipo anali a mitundu itatu: 230 SL, 250 SL ndi 280 SL. Kwa munthu woima patali itatuyi imaoneka chimodzimodzi. Kusiyana kwake kuli m'kati.

Okonda 230 SL, imene inapangidwa kuyambira mu 1963 kufikira kumayambiriro kwa 1967, ali ndi zifukwa zomveka. Iyi ndiyo yachisamba, ndipo ili ndi mbiri. M'chaka chake choyamba Eugen Böhringer anapambana nayo mpikisano woopsa wa Spa–Sofia–Liège, wodutsa m'misewu yamiyala ndi yamapiri ya kum'mawa kwa Ulaya. Injini yake ya malita 2.3 inali ndi mphamvu ya akavalo 150. Komabe mwana woyamba ndiye amene makolo amaphunzirirapo kulera. Chitsulo chachikulu chozungulira m'mimba mwa injini, chimene amakaniko amachitcha crankshaft, chinagona pa mabeyaringi 4 okha. Mabuleki a disiki anali kutsogolo kokha, kumbuyo kunali a dilamu, amene amafooka msanga akatentha potsika phiri lalitali. Thanki ya mafuta inali ya malita 65. Izi sizinali zolakwa zazikulu pa nthawiyo, koma okonza ake eni anaziona kuti n'zoperewera, ndipo umboni wake ndi wakuti anazisintha.

Okonda 280 SL, imene inayamba kumapeto kwa 1967 ndi kutha mu 1971, ndiwo ambiri, ndipo msika uli kumbali yawo. Injini yake ya malita 2.8 inali ndi mphamvu ya akavalo 170, ndipo inapangidwa yochuluka kuposa inzake, yokwana 23,885. Palibe angakane kuti ndi galimoto yabwino. Koma mphamvu yoonjezerayo inali ndi mtengo wake. Pofuna kukulitsa masilinda m'kati mwa injini yosakula kunja, akatswiri anachotsa tinjira ta madzi oziziritsa timene tinali pakati pa masilindawo, kotero kuti injiniyo inayamba kudalira kwambiri chipangizo choziziritsa oyilo. Ndiponso magalimoto ambiri a mtunduwu anapita ku America, kumene malamulo oletsa utsi anachepetsako mphamvu ya injini, ndipo ogula ambiri kumeneko anasankha magiya odzisintha okha. Pang'onopang'ono galimoto imene inabadwa yothamanga inasanduka yoyendera mwaulemu m'misewu ya m'mizinda.

Pakati pa ziwirizi pali 250 SL, imene inakhala pa msika kwa chaka chimodzi ndi masabata owerengeka, kuyambira kumapeto kwa 1966 kufikira mu Januwale 1968. Inapangidwa yokwana 5,196 yokha. Mphamvu yake inali ya akavalo 150 monga ya mkulu wake, ndipo ichi ndicho chimanyenga anthu owerenga nambala imodzi n'kutseka buku. Injini ya malita 2.5 inkakoka bwino galimoto ikamayenda pang'onopang'ono kapena pokwera chitunda. Crankshaft inagona pa mabeyaringi 7, ndiye kuti inkazungulira mosalala ndi mosagwedezeka. Mabuleki a disiki anaikidwa ku mawilo onse anayi. Thanki inakula kufika malita 82, kotero kuti woyendetsa ankapita patali asanaime kumwetsa mafuta. Zimene zinaperewera pa yoyamba zinakonzedwa, ndipo madzi anali kuyendabe pakati pa masilinda. Apa ndi pamene ntchito ya amisiri inafika pokhwima isanayambe kutsata zofuna za msika.

Ngakhale m'chaka cha 1967 chomwecho muli kusankha kwina. Mu Ogasiti kampaniyo inasintha zinthu zingapo za m'kati potsata malamulo atsopano a chitetezo. Chiwongolero chinapangidwa choti chizifupika pa ngozi m'malo mobaya chifuwa cha woyendetsa, ndipo zogwirira ndi mabatani olimba anasinthidwa kukhala ofewa ndi osatulukira kunja. Osonkhanitsa magalimoto ena amadandaula kuti kusinthaku kunachotsa kukongola, ndipo amafuna ya miyezi yoyamba. Maganizo amenewa ndi oyenera munthu woika galimoto m'nyumba yoonetsera zakale. Woti aziyenda nayo pa msewu, atanyamula mkazi wake kapena mwana wake, ayenera kusankha ya kumapeto kwa chakacho, pakuti batani lonyezimira silinapulumutsepo munthu.

Wina angatsutse kuti kuchepa kwa 250 SL ndi vuto, popeza galimoto yosowa imavuta kuipeza. Zoonadi imafuna kudekha, monga akuluakulu anenera kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma zitsulo zake zambiri n'zofanana ndi za inzake iwiri ija, ndiponso injini ya mtundu womwewo inaikidwa m'magalimoto ena a Mercedes-Benz a zaka zimenezo, kotero kuti makaniko wodziwa imodzi sasokonezeka ndi inzake.

Tsono pali chenjezo limene liposa mkangano wonsewu. Galimoto yaing'ono mwa onsewa yapitirira zaka 50, ndipo mdani wake wamkulu ndi dzimbiri. Zitseko, chivundikiro cha injini ndi cha kumbuyo zinapangidwa ndi aluminiyamu, amene sachita dzimbiri, koma thupi lenilenilo ndi lachitsulo. Motero galimoto imatha kuwala kunja pamene pansi pa mipando, m'mphepete mwa zitseko ndi kuseri kwa magetsi a kutsogolo chitsulo chadyeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto yopanda denga lokhazikika imadalira kwambiri kulimba kwa pansi pake, ndipo pansipo pakaola, nzeru zonse za Barényi zimakhala zatha. Pampu yopopera mafuta mu injini, yopangidwa ndi Bosch, nayonso imafuna mmisiri wapadera, ndipo kuikonza kumadya ndalama zambiri. Chifukwa chake 230 SL yolimba, yokhala ndi makalata osonyeza mmene inasamalidwira, iposa 250 SL yoola imene yangopakidwa penti.

Wogula wanzeru, tsono, amayamba wagwada ndi tochi m'manja kuyang'ana kunsi kwa galimoto, kenaka amawerenga makalata ake, ndipo pomaliza amafunsa chaka. Magalimoto awiri akakhala olimba mofanana, asankhe 250 SL ya kumapeto kwa 1967. Ophunzira amene atsiriza sukulu, ngakhale ambiri sadzagula Pagoda, adzakumana ndi mayeso a mtundu womwewu pogula njinga, makina osokera kapena galimoto yogwirapo kale ntchito. Wogulitsa adzatama chakale chifukwa cha mbiri yake, kapena chatsopano chifukwa cha nambala yake yaikulu. Wophunzira bwino adzafunsa chimene chinasinthidwa chaka ndi chaka, chifukwa chimene anachisinthira, ndi chimene chinatayika posinthapo.