Jakisoni Wobweza Unyamata ndi Shuga wa m'Magazi

M'chaka cha 1990 Dr. Daniel Rudman wa ku Milwaukee, m'dziko la America, anafalitsa zimene anapeza atabaya amuna 12 opitirira zaka 60 homoni yokulitsa thupi kwa miyezi 6. Minofu yawo inachuluka, mafuta nachepa. Amalonda anaigwira nkhaniyi ndi manja awiri, ndipo kufikira lero homoniyi ikugulitsidwa pa intaneti kwa okalamba ndi kwa anyamata onyamula zitsulo, ngakhale kuti m'masewera a Olympic inaletsedwa mu 1989. Chimene amalondawo satchula n'chakuti shuga wa m'magazi a amuna aja anakwerako.

Homoniyi imachokera m'kachiwalo kotchedwa pituitary, kamene kali kunsi kwa ubongo, kakang'ono ngati nsawawa, ndipo imatuluka yambiri munthu akagona tulo tofa nato kapena akakhala ndi njala. Ntchito yake pa nthawi yotere ndi yanzeru. Imasungunula mafuta a m'thupi kuti minofu izidya mafutawo n'kusiyira ubongo shuga, ndiponso imauza chiwindi kuti chitulutse shuga wina. Tsono insulini, amene ntchito yake ndi kulowetsa shuga m'minofu, amapeza zitseko zitatsekeka. Kapamba amakakamizika kupanga insulini wochuluka. Ngati ali wamphamvu amapirira, koma ngati anali wotopa kale, matenda a shuga amaonekera.

Zimenezi si zachilendo ayi. Cha m'ma 1930 Bernardo Houssay wa ku Buenos Aires anaona kuti agalu odwala shuga chifukwa chochotsedwa kapamba ankapezako bwino akawachotsanso pituitary, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1947. Madokotala amadziwanso kuti ambiri odwala acromegaly, nthenda ya chotupa chotulutsa homoniyi mopyola muyezo, amadwalanso shuga.

Aphunzitsi azindikire ichi: pa kutha msinkhu homoniyi imachuluka mwachibadwa, motero mwana wodwala shuga amafuna insulini wambiri kuposa kale, ndipo shuga wake amakonda kukwera m'bandakucha. Tisafulumire kunena kuti mwanayo wadya zoletsedwa mobisa.

Kwa mwana wopinimbira chifukwa chosowa homoniyi, jakisoni ndi mankhwala enieni, ndipo chiyambire 1985 imapangidwa m'mafakitale m'malo moitenga m'mitembo. Koma mwana wotere amayezedwa shuga kuchipatala kawirikawiri. Nanga wogula kabotolo pa intaneti amamuyeza ndani?