Jekeseni wa msana asabwere m'chikwama

Kuno ku Kopala, wachinyamata akadandaula msana timayankha msanga: ndi ulesi, ndi ntchito ya mu mgodi, kapena amulodza. Timamugulira diclofenac pa kantemba, nkhani n'kutha. Ife tikukana kuti ithere pamenepo.

Pali nyamakazi ya msana yotchedwa ankylosing spondylitis, imene imayamba munthu asanakwane zaka 45, ambiri ali m'zaka za m'ma 20. Siyofanana ndi msana wa katundu. Ululu umapitirira miyezi itatu, umakudzutsa usiku, m'mawa chiuno chimauma gwa, koma ukayamba kuyenda umapepuka. Ena amati ndi matenda a azungu chabe. Zoona, jini ya HLA-B27 imene imayenda ndi matendawa ku Europe ndi yosowa pakati pathu. Koma ku UTH ku Lusaka, Dr Panganani Njobvu ndi anzake analemba kale m'ma 1990 za odwala nyamakazi za banja limeneli, ambiri a iwo ali ndi HIV. Matendawa ali pakhomo pathu.

Amene amawononga msana ndi asilikali a thupi lako lomwe. Maselo oyera a m'magazi amaitanizana ndi uthenga wotchedwa TNF. Mwa wodwalayu uthengawo suleka, maselo amangodzazana pamene msana umakumana ndi chiuno ndi pamene mitsempha imagwira fupa. Malo otupawo akamapola, thupi limameretsapo fupa latsopano, mpaka mafupa a msana amagwirana. Akagwirana sabwereranso.

Oyamba kuthandiza ndi mapilisi ochepetsa kutupa pamodzi ndi masewera olimbitsa thupi. Zikakanika, pali majekeseni monga adalimumab, etanercept ndi infliximab. Ntchito yawo yaikulu ndi kugwira TNF asanafike pa selo lina. Kuitana kukachepa, maselo amaleka kudzazana, kutupa kumatsika, munthu amagona ndi kuwerama. Mu 2019 bungwe la WHO linaika adalimumab pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri, ndipo makampani ena, kuphatikizapo a ku India, akupanga ofanana nawo otsikirako mtengo.

Manje apa ndiye pali ngozi. TNF yemweyo ndi amene amagwirizanitsa maselo omwe amazinga kachilombo ka TB m'mapapo kuti kagone. Anthu ambiri amakhala nako osadwala. Ukazimitsa TNF, mpandawo umagumuka, TB imadzuka. Ndipo ife tikukhala m'dziko limene TB ndi yochuluka, m'matauni amene fumbi la mu mgodi lafooketsa mapapo a atate ndi amalume athu. Komanso TB imalowa m'msana n'kupweteka mofanana. Kubaya jekeseni uyu munthu wa TB ya msana ndi kuthira petulo pa moto.

Ndiye tikaona wina akuti m'bale wake adzamubweretsera jekeseni kuchokera ku Johannesburg kapena ku India, timachita mantha. Wamupima ndani TB, HIV ndi hepatitis B? Mankhwalawa amafuna firiji njira yonse. Ndi malaiti athu ozimazima awa, ndani akudziwa kuti akali amoyo? Safunsa anadya phula.

Koma sitikudzudzula wodwala. Munthu amene sagona chaka chathunthu amagwira chilichonse. Mafunso athu akupita kwa Unduna wa Zaumoyo ndi NHIMA, imene imadula ndalama pa malipiro a ogwira ntchito mwezi uliwonse. Anene poyera: wachinyamata wa ku Chamboli kapena ku Chifubu amene mapilisi amukanika apite kuti? Kunena kuti mankhwala ndi odula si yankho, chifukwa kusiya nkhaniyi m'manja mwa amalonda ndi kumene kumaika anthu pangozi. Tili ndi Kitwe Teaching Hospital ndi Ndola Teaching Hospital, ndipo ku Ndola komweko kuli malo ofufuza matenda. Makina opimira TB alipo kale. Chimene tikufuna ndi njira imodzi yodziwika: kupeza matenda, kupima TB, kupereka mankhwala oteteza ngati kachilombo kapezeka, kenako jekeseni, ndi dokotala woyang'anira.

Iwe amene msana umakudzutsa 03:00 koloko, usalole kutchedwa waulesi. Pita ku kiliniki, uwauze kuti ululu umachepa ukayenda, upemphe kuti akutumize ku chipatala chachikulu. Mafupa asanagwirane, nthawi ikadali yako.