Choyatsira chotchipa chisakulandeni diso

Ku America, ena okonda kuulutsa timaroketi amadzipangira okha zoyatsira injini pofuna kupulumutsa ndalama. Choyatsira ndi kawaya ka nichrome komwe kamatentha kakalandira magetsi a batire. Wayayo alibe vuto. Choopsa ndi mankhwala oyaka msanga omwe ena amasakaniza kunyumba n'kupaka pamenepo.

Ngozi za achinyamata osakaniza mankhwala n'zimene zinachititsa kuti mu 1957 kukhazikitsidwe bungwe lomwe lero limatchedwa National Association of Rocketry. Malamulo ake ndi omveka: imani mamita pafupifupi 5 kuchokera pa roketi yaing'ono, ndipo ikakana kuyaka, dikirani masekondi 60 musanayandikire.

Gulani zoyatsira zakufakitale. Diso silipezeka m'sitolo.